Satifiketi ya Cambridge ya agogo anu: kuwerenga kwake, ndi zomwe munthu ankadutsamo kuti aipeze

Mukatsegula bokosi lachitsulo la malemu agogo kapena bambo aakulu, pansi pa Baibulo ndi zithunzi zakale mutha kupezamo pepala lokhuthala lolembedwa pamwamba kuti University of Cambridge Local Examinations Syndicate. Anthu akaona pepala limeneli amaphonya pawiri. Ena amakalengeza mpaka pa mwambo wa chiliza kuti agogo adaphunzira ku yunivesite ya Cambridge ku Mangalande. Ena akapeza kapepala kena kolembedwa Standard VI amagwa mphwayi, amvekere, "Kani adalekezera sitandade 6 basi?" Zonsezi si zoona.

Tiyambe ndi masitandadewo. M'zaka za m'ma 1950 mwana ankayamba ndi Sub A, kenako Sub B, ndiye n'kulowa Standard I mpaka Standard VI. Mukawerenga bwino ndi zaka 8. Choncho sitandade 6 ya nthawi imeneyo ndi yofanana ndi sitandade 8 ya lero, ndipo inali ndi mayeso ake aboma. Munthu wokhoza mayeso amenewo ankatha kukalowa kosi ya uphunzitsi, ya zachipatala, ya ulangizi wa zaulimi, kapena kulembedwa ukalaliki kwa DC. Mukaona Standard VII kapena Standard VIII pa pepala la nthawi imeneyo, dziwani kuti zimenezo ndi zaka ziwiri zoyamba za sekondale, zomwe pambuyo pake tidazolowera kuzitchula kuti Fomu 1 ndi Fomu 2. Wopitirira zaka zina ziwiri ndiye ankalemba Cambridge School Certificate. Ankalembera konkuno, pa desiki ya pasukulu pake, chakumapeto kwa chaka. Mafunso ndiwo ankachokera ku England, mapepala a mayankho n'kutumizidwa komweko kukachongedwa, zotsatira n'kubwera patapita miyezi, munthu ali kumudzi akupalira chimanga.

Malo olemberako anali owerengeka. Blantyre Secondary School idatsegulidwa mu 1940, yoyendetsedwa ndi mamishoni a Chipulotesitanti mothandizidwa ndi boma. Zomba Catholic idatsatira mu 1942. Sekondale yoyamba ya boma lenilenilo idatsegulidwa ku Dedza mu 1951, ndipo ya ku Mzuzu idabwera mu 1959. Ana a Azungu ndi a Amwenye anali ndi sukulu zawozawo, zomwe nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, zinkayang'aniridwa ndi boma la ku Salisbury (Harare ya lero), pomwe za ana achikuda zidatsala m'manja mwa boma la Nyasaland ku Zomba. Atsikana ofika Fomu 4 anali ochepa zedi, kotero ngati satifiketi mwaipezayo ndi ya agogo aakazi, muisunge ngati dzira.

Pa pepalapo muona mndandanda wa maphunziro ndi magiredi. Ngati pali manambala, kawerengedwe kake n'kofanana ndi ka MSCE: 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Satifiketi zina zili ndi mawu m'malo mwa manambala, monga Very Good, Credit ndi Pass. Palinso gulu la satifiketi yonseyo, First Division, Second Division kapena Third Division, lotengera momwe munthu wachitira pa maphunziro ake onse pamodzi. Chofunika kumvetsa kwambiri ndi ichi: satifiketiyi inkabwera yathunthu kapena osabwera n'komwe. Munthu ankayenera kukhoza maphunziro angapo pa ulendo umodzi, ndipo pakati pake pakhale English Language. Wogwa Chingerezi, kaya masamu ndi sayansi wawakhoza chotani, ankabwerera kumudzi chimanjamanja. Lamulo limeneli ndi lomwe linkayendetsa moyo wonse wa pasukulu, kuyambira belu la m'mawa mpaka mtsutso wa Loweruka madzulo.

Pepala la Chingerezi linali ndi chimangirizo, kumvetsa nkhani, ndi chifupikitso chomwe aphunzitsi ankachitchula dzina la Chifalansa loti précis. Pa chifupikitso ndi pomwe ambiri ankathyokera. Ankakupatsani ndime, tinene ya mawu 300, kuti muibweze pa mawu pafupifupi 100, gawo limodzi mwa magawo atatu, osataya mfundo ngakhale imodzi. Njira yomwe inkagwira ntchito ndi iyi. Kuwerenga ndime yonse kawiri cholembera chili pansi. Kulemba mfundo zokhazokha papepala lapadera, m'mawu anuanu, ndime ija mutaivundikira. Kulumikiza mfundozo kukhala ndime imodzi yoyenda bwino, zoyankhula za anthu zonse mutazisandutsa zochita kufotokoza. Kenako kuwerenga mawu limodzilimodzi, kudula kapena kuwonjezera, n'kulemba chiwerengero chake pamapeto. Olephera ankagwera m'mbuna zodziwika: kudula ziganizo za mwini ndime n'kuzisokerera pamodzi, kusunga zitsanzo n'kutaya mfundo yomwe zitsanzozo zikuchitira umboni, kuthirirapo maganizo awo, kapena kunama pa chiwerengero, kulemba 98 pomwe mawu ali 130. Wochonga wozolowera amaona ndi maso okha kuti ndimeyi yanenepa.

Pa chimangirizo zolakwika zambiri zinkachokera ku chiyankhulo chathu chomwechi. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye mwana ankayamba nkhani ya amayi ake ndi she, pofika ndime yachitatu amayiwo asanduka he. Timagwiritsa ntchito "kumva" pa phokoso, fungo, ululu ndi kumvetsa komwe, ndiye m'makope munkapezeka anthu akumva fungo la nyama ndi hear. Kubwereka ndi kubwereketsa kunkasokoneza borrow ndi lend. Timawu a ndi the tilibe anzake m'Chinyanja, ndiye tinkangosowa kapena kumera pomwe sitikufunika. L ndi r ndiye musachite kunena. Mankhwala a aphunzitsi anali kusanthula ziganizo: kujambula mizere pa kope, kuika nthambi iliyonse ya chiganizo m'bokosi lake, kutchula mtundu wake ndi ntchito yake. Zinali zotopetsa, koma kunena zoona, munthu amene adapukusidwa nazo salemba chiganizo chopanda mneni. N'chifukwa chake makalata a agogo anu ali ndi Chingerezi chowongoka ngati cha m'khoti.

Sukulu zambiri zinalinso ndi lamulo loletsa kuyankhula chiyankhulo cha kumudzi masiku a sukulu, ndipo wogwidwa ankalandira chibalo. Lamulo limeneli ine sindiliyamikira, chifukwa lidaphunzitsa ana kuchita manyazi ndi chiyankhulo cha amayi awo, koma gwero lake linali mantha a pepala limodzi lija.

Masamu anali patatu: arithmetic, algebra ndi geometry. Cholemetsa arithmetic chinali ndalama ndi miyezo ya nthawi imeneyo. Mapeni 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi, kutanthauza kuti paundi inali mapeni 240. Tiki inali mapeni 3. Polemba ankaika £ pa paundi, s pa sheleni, ndi d pa peni. Tiyeni tiphatikize £3 17s 9d ndi £2 8s 7d. Mapeni 9 ndi 7 ndi 16, yomwe ndi sheleni imodzi ndi mapeni 4. Mulemba 4, sheleniyo musunga. Masheleni 17 ndi 8 ndi yosungidwa ija ndi 26, yomwe ndi paundi imodzi ndi masheleni 6. Mulemba 6, paundiyo musunga. Mapaundi 3 ndi 2 ndi 1 ndi 6. Yankho ndi £6 6s 4d. Kuchulukitsa kumayenda chimodzimodzi: 14s 7d kasanu ndi kamodzi, mapeni akhala 42, omwe ndi 3s 6d, masheleni akhala 84, kuwonjeza 3 aja 87, omwe ndi £4 7s, yankho £4 7s 6d. Cholakwika cha tsiku ndi tsiku chinali dzanja kuthamangira kusunga pa 10 monga pa nambala wamba, ndiye 16d n'kulembedwa 1s 6d. Mapeni awiri okhawo ankawononga samu yonse. Ngati mwapeza lisiti ya fizi m'bokosimo ndipo mukufuna kuimvetsa, kumbukirani kuti pomwe kwacha inkabwera mu 1971, paundi imodzi idasinthidwa kukhala K2, sheleni kukhala 10 tambala.

Miyezo nayo inali yosagwirizana: mainchesi 12 pa futi, mafuti 3 pa yadi, mayadi 22 pa tcheni, mayadi 1,760 pa mailosi, maaunsi 16 pa paundi ya kulemera, mapaundi 112 pa hundredweight, mapaundi 2,240 pa tani, masikweya yadi 4,840 pa ekala. Zonsezi zinkayenera kukhala pamutu.

Kakyuleta kunalibe. M'malo mwake munali kabuku ka matebulo a logarithm a manambala anayi, omwe amasandutsa samu yochulukitsa kukhala yophatikiza, ndipo kabuku kameneka mwina muli nako m'bokosimo, kakuda m'mphepete chifukwa cha zala. Kagwiritsidwe kake ndi aka. Mukufuna 37.4 kuchulukitsa ndi 5.62. Nambala ya 37.4 ili ndi manambala awiri kumanzere kwa kadontho, ndiye kutsogolo mulemba 1, pakuti nthawi zonse mumachotsapo imodzi. M'tebulo mupita pa mzere wa 37, pansi pa 4, mupeza 5729. Ndiye 1.5729. Ya 5.62 kutsogolo ndi 0, tebulo likupatsani 7497, ndiye 0.7497. Muphatikiza, mupeza 2.3226. Tsopano mutsegula tsamba lina, la antilogarithm, n'kufufuza .3226 yokhayo, mupeza 2102. Ija 2 yakutsogolo ikukuuzani kuti kumanzere kwa kadontho kukhale manambala atatu, choncho yankho ndi 210.2. Mukayesa pa foni mupeza 210.188, ndipo kusiyana kochepako n'kovomerezeka pa matebulo a manambala anayi.

Vuto linkayamba nambala ikakhala yochepera 1. Ya 0.0374 kutsogolo kumakhala 2 wokhala ndi kamzere pamutu, wotchedwa bar 2, kenako .5729 yomwe ija. Kamzereko kakutanthauza kuti 2 yekhayo ndiye wochotsera, pomwe .5729 ndi yowonjezera. Mukaphatikiza ndi 0.7497 ya 5.62 ija, mbali ya kumanja ikupatsani 1.3226, 1 wosungidwayo akakumana ndi bar 2 patsala bar 1, ndiye yankho ndi 0.2102. Ana ambiri ankaphatikiza 1 ndi 2 n'kupeza bar 3, yankho n'kuchepa ka 100. Ena mwaphuma ankafufuza yankho lomaliza pa tsamba la logarithm m'malo mwa la antilogarithm, popeza masamba awiriwo amafanana ngati mapasa. Mphunzitsi wabwino ankakakamiza kuyamba ndi kuyerekeza pamutu: 37 kuchulukitsa ndi 6 ndi cha m'ma 200, ndiye ukapeza 21 kapena 2,102 udziwiretu kuti kadontho kasochera.

Pa geometry panali kuloweza maumboni a ma theorem, sitepe iliyonse ndi chifukwa chake pambali, komanso kujambula ndi kampasi ndi rula. Apa malikisi ankatayika pa zinthu zazing'ono: pensulo yobuntha, kampasi yolobodoka yomwe ikutseguka yokha pozungulira, ndi kufufuta timizere tothandizira pofuna kuti ntchito ioneke yaukhondo. Timizere timeneto ndi tomwe wochonga ankafuna kuona, chifukwa ndi umboni woti ngodya mwaigawa ndi kampasi, osati mwaiyeza ndi protractor.

Maphunziro enawo ndingowadutsa mwachangu. Mbiri inali makamaka ya Britain ndi ufumu wake, kotero mwana ankadziwa mafumu a ku England kuposa a Kalonga ndi a Undi. Jogalafe inali ndi kuwerenga mapu ndi kujambula pamanja mapu a makontinenti. Baibulo linali phunziro lolembedwa mayeso. English Literature nthawi zambiri inkakhala ndi sewero la Shakespeare. Sayansi inkadalira kuti sukulu ili ndi labotale yotani. Chilatini chinkalimba kwambiri ku sukulu za Akatolika ndi kumaseminale, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuloweza magulu 5 a mayina ndi magulu 4 a aneni, ndi mathero ake onse. Mukaona mawu oti Nyanja pa pepala lililonse la sukulu, ndi chiyankhulo chathu chomwechi. Dzina loti Chichewa lidakhazikitsidwa ndi boma mu 1968.

Ku Dedza kunalinso mbali ya ntchito zamanja kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi. Pa ukalipentala mwana sankayamba ndi mpando. Ankayamba ndi kathabwa kamodzi: kupala nkhope imodzi mpaka iwongoke n'kuiika chizindikiro, kupala m'mbali mwake kuti mugwirizane ndi sikweya n'kuikanso chizindikiro, ndiye miyezo ina yonse izichokera pa mbali ziwiri zimenezi basi. Woyezera mbali iliyonse yomwe yamuyandikira ankapeza kuti mafelemu ake sakukumana. Pa mfundo yolowetsa lilime la thabwa m'bowo la linzake, lilimelo linkayenera kukhala gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa thabwa, ndipo sowo idutse kunja kwa mzere, mbali yotayidwa. Ikadutsa pamzere penipeni, lilime limachepa ndi kukula kwa mano a sowo, mfundo n'kumagwedera. Ku sukulu zomwe zinali ndi atsikana, iwo ankaphunzira kusoka, kuphika, kuchapa ndi kusita, ndipo pa zosoka mphunzitsi ankayamba watembenuza nsalu kuti aone kuseri.

Zonsezi zinkalembedwa ndi inki. Desiki inali ndi kabowo koikamo kabotolo, inki yake yochita kusungunula ya ufa, cholembera chake chamtengo chokhala ndi nibu yachitsulo yoviika. Nibu yatsopano imabwera ndi timafuta toiteteza ku dzimbiri, ndiye inki siigwira mpaka utaipukuta bwino kapena kuidutsitsa kamodzi pa lawi la machesi. Ukaviika kwambiri, dontho limagwera pakati pa chimangirizo. Ukakanikiza pokweza dzanja, mano a nibu amakola pepala n'kuwaza inki. Pepala lomwetsa inki umaligoneka n'kudinda, osati kupukuta. Amanzere ankavutika koposa chifukwa dzanja linkadutsa pa zomwe angolemba kumene. Bolopeni itayamba kupezeka aphunzitsi ambiri ankaikana, ati imawononga kalembedwe.

Pafupifupi onse anali ogonera pasukulu pompo. Ochokera kutali ankabwera pa basi, pa sitima ya pamtunda ya ku Salima, kapena pa Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanja mu 1951. Tsiku linkayamba ndi belu, kusesa, mapemphero, ndiye makalasi. Masana kunali ntchito zamanja kapena masewero: kutchetcha bwalo ndi chikwakwa, kulima dimba la sukulu, kuwaza nkhuni za kukhitchini. Chakudya chinali nsima ya mgaiwa ndi nyemba masiku ambiri, nyembazo nthawi zina zoyandama anankafumbwe, nyama mwa apo ndi apo. Yunifolomu inkasitidwa ndi simbi ya makala, ndipo kaphulusa kamoto kamodzi kothawira pa kabowo ka simbi kankatha kuboola shati yokhayo yomwe munthu anali nayo. Mwambo ankasungitsa ndi ma prefect, ana asukulu anzawo omwe anali ndi mphamvu yopereka chibalo.

Madzulo kunali kuwerenga kokakamiza. Komwe kunalibe magetsi kapena jenereta ikafa, kuwala kunkachokera ku nyali yopopa ya Tilley. Kuyatsa kwake kuli ndi ndondomeko: kuthira palafini wosefa osadzadzitsa thanki, kuviika kotenthetsera mu spiriti, kukakoleka pa kapaipi ka pakati n'kukayatsa, kudikira mpaka spiriti atatsala pang'ono kutha, ndiye n'kutsegula ndi kupopa. Wopupuluma kutsegula kapaipi kasanatenthe ankatulutsa palafini wamadzi m'malo mwa mpweya wake, lawi lachikasu n'kubuka, galasi lonse bii ndi mwaye. Kansalu kowala ka m'kati mwa galasi kakangopsa kamodzi kamasanduka phulusa loumbika. Kukakhudza ndi chala kapena kugunda nyali patebulo, kathera pomwepo, kalasi yonse mumdima.

Ana ankagawidwa m'manyumba opikisana pa mpira ndi mipikisano yothamanga ya mayadi 100, 220, 440, 880 ndi mailosi imodzi, ambiri ali opanda nsapato. Kunali ma Scout ndi ma Guide, makwaya, masewero a pasiteji ndi magulu a mapemphero. Pa 24 May kunali Empire Day, tsiku la perete ndi masewero. Koma chomwe chidasula anthu kwambiri ndi mtsutso. Wapampando ankawerenga mutu, woyamba wovomereza n'kuyankhula, woyamba wotsutsa n'kuyankha, achiwiri awo n'kutsatira, kenako mwayi n'kuperekedwa kwa omvera, oyamba aja n'kumanga mfundo, ndiye voti. Aphunzitsi ankaufuna kuti Chingerezi chizolowere pakamwa, koma mwana amene waphunzira kuimirira, kutsutsa mwaulemu ndi kuwerengetsa mavoti sangalekere pa mitu ya m'kalasi. Nkhani ya chitaganya inkakambidwa m'mahositelo, ndipo boma litalengeza za chisokonezo pa 3 March 1959 n'kumanga atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress, sukulu nazo zidagwedezeka. Mukaona chaka chodumphidwa pa mapepala a nthawi imeneyo, funsani akuluakulu omwe atsala. Si nthawi zonse chifukwa chake chinali fizi kapena matenda.

Magazini ya sukulu, mukaipeza, muona kuti zilembo zake zina n'zodzadza inki. Inkasindikizidwa pa makina a Gestetner. Ankatayipa pa pepala la phula, riboni ya tayipi ataichotsa kuti zilembo ziboole phulalo. Womenya mwamphamvu ankadula pakati pa o ndi e n'kugwa, pamalopo n'kutuluka kadontho kakuda pa kope iliyonse. Polakwika ankapakapo mankhwala ofiirira onunkha ngati opaka m'zikhadabo, kudikira aume, n'kutayipanso. M'magazini amenewa ndi momwe mungapeze dzina la agogo pa mndandanda wa timu ya mpira kapena pansi pa ndakatulo.

Wokhoza bwino Cambridge amene ankafuna digiri ankafunika zaka zina ziwiri za Higher School Certificate, kenako ulendo wa kunja, chifukwa University of Malawi idalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Njira zinali Makerere ku Uganda, Fort Hare ku South Africa, kapena koleji ya ku Salisbury yomwe idayamba kuphunzitsa mu 1957. Masauko Chipembere adadutsa ku Blantyre Secondary, kenako Goromonzi ku Southern Rhodesia, n'kukathera ku Fort Hare. Ambiri sadapite kutali choncho. Ankalowa uphunzitsi, ukalaliki m'boma, ku positi ofesi kapena ku njanji.

Musadabwe ngati dzina kapena chaka chobadwa pa satifiketi chikusiyana ndi chomwe banja likudziwa. Ambiri analibe kalata ya kubadwa, ndipo malire a zaka atayamba kutsatidwa m'sukulu, ena ankadzichepetsa msinkhu, ena n'kulembetsa ndi dzina la malume amene ankalipira fizi. Pofufuza, yambani ndi dzina la sukulu ndi chaka chomwe chili papepalapo. Malipoti apachaka a dipatimenti ya maphunziro ya nthawi ya atsamunda amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo sukulu za mishoni zina zikadali ndi mabuku awo akale olembetsera ana.

Pepalalo musalimate m'pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa guluu wake amalowa m'pepala ndipo simudzalichotsamonso. Musamatenso selotepi pong'ambika. Imasanduka yachikasu n'kudya inki. Lijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri pamalo owala koma osati padzuwa, liyaleni osapinda pakati pa mapepala awiri oyera, n'kuliika mu envelopu yaikulu m'bokosi lomwe silikugunda khoma kapena pansi, kuopa chinyezi ndi chiswe.